Mango a Onesimo kuseri kwa shedi ya ndege

Chaka chimene anatisiya mayi a kunyumba, mu 1996, ndinkangokhala pa siteji ya Chemusa poti m'nyumba munali zii. Tsiku lina ndinamva madala ena a ndodo akucheza ndi mayi wa zikwama zikuluzikulu.

"Mwati mukuchokera ku Bulawayo, mayi? Ine ndinagwirako ntchito nthawi ya nkhondo ya Jeremani, pabwalo lina pamene tianyamata tachizungu tinkaphunzira kuulutsa ndege."

"Ndikupadziwa, achemwali anga amakhala komweko. Nanunso munkaulutsa, agogo?"

"Kamodzi kokha. Ntchito yathu inali kugwira mapiko, ine uku mnzanga Onesimo uko, n'kumathamanga nayo kuti mphepo isaigwetse. Tsiku lina ndinaiwala kusiya."

"Ndiye munapita m'mwamba?"

"Mpaka kufanana ndi denga, kenako phii m'maudzu, kabudula atatsalira kuphiko. Onesimo anaseka mpaka kukhala pansi."

"Kabudulayo anapita kunkhondo yekha?"

"Mwina anakalandira mendulo. Koma tandiuzani, bwalolo likadalipo? Onesimo anadwala n'kumwalira, tinamuika kuseri kwa shedi ya ndege. Ndinadzalapo mango kuti pasadzasowe."

"Ndege kulibe, agogo. Ndi nyumba zokhazokha, shedi ija pano ndi tchalitchi."

"Nanga mtengo?"

"Wamango ulipo, waukulu. Azimayi amagulitsa tomato pansi pake, kuseka ndi miseche tsiku lonse."

"Azimayi? Tsiku lonse?"

"Mpaka dzuwa kulowa."

"Basi, Onesimoyo musamusokoneze. Zimene anatsatira ku Bulawayo n'zomwezo."