Khwangwala pa Mzere Woyamba

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo! Ndati Ambuye alemekezeke! Eya, tsopano ndamva kuti mwadzuka.

Moni abusa, moni akulu ampingo, amayi amvano uko, ndi achinyamata kumbuyoko. Kwa alendo, ine ndine Chimwaza. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inandibweretsa kunyanja kuno, ndipo ndimakhala pa Nkope pompa. Lero ndabwera ndi kabuku aka. Kang'ambikang'ambika, koma umboni wanga uli m'menemu.

Ndinayamba ntchito yosamalira maluwa pa hotela ina ku Makokola. Alendo ankakonda kundifunsa mayina a mbalame, ine n'kumayankha. Mbalame ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, koma ndinkazidziwa ndi legeni. Kwa ine mbalame inali ndiwo basi! Abwana ataona kuti ndikuzidziwa, anandipatsa magalasi oonera patali, akuti m'mawa uliwonse ndizitenga alendo kukawaonetsa mbalame.

Mlendo wina ndiye anandiphunzitsa za kabuku. Pa Nyuwere umatsegula tsamba latsopano. Mtundu uliwonse wa mbalame umaulemba kamodzi, tsiku limene wauona koyamba chaka chimenecho. Chaka chikatha, umayambiranso. Lamulo lake ndi limodzi: uione wekha, ndi maso ako. Zomva kwa mnzako sizilowa.

Abale, ndinazikonda! Nantchengwa, lemba. Kakowa, lemba. Vuwo, tsekwe, namzeze, lemba. Koma ndinali ndi matama. Ndinkafuna kuti mzere woyamba chaka chilichonse ukhale wa nkhwazi, mfumu ya nyanja. Ndiye pa Nyuwere ndinkayenda chozolika, chipewa nditatsitsira kumaso, kuopa kuti ndingayambe kuona khwangwala. Munthu wamkulu, wa ana anayi, kuthawa khwangwala! Iyeyo ndinkamulemba kumapeto, chifukwa amadya za kudzala.

Kenako kunabwera utsi m'maso. Ndinapukuta magalasi, utsi uli pomwepo. Ndinapukutanso, utsi uli pomwepo. Ndinadziwa kuti vuto si magalasi, koma sindinauze munthu. Ntchito yanga inali maso, abale. Maso akapita, ntchito yapita. Ndinayamba kuba ndi makutu. Mbalame ikalira, ine n'kuloza komweko ngati ndaiona.

Tsiku lina m'mawa ndili ndi alendo, ndinaona choyera pamwamba pa mtengo. Ndinawauza monong'ona kuti aime, nkhwazi yakhala phee apo. Onse anakweza magalasi awo. Zii. Mphepo inaomba, nkhwazi yanga n'kuuluka yopanda mapiko. Inali jumbo, abale! Jumbo yoyera ya kumsika! Sekani, lero ndikuseka nanu. Koma tsiku limenelo ndinalakalaka nthaka itandimeza. Abwana anandiitana mwaulemu, anati, "A Chimwaza, kaonetseni maso kuchipatala. Mukayamba kuona, malo anu alipo."

Kunyumba ndinanama. Ndinati alendo achepa, atipumitsa kaye. M'kabuku ndinanamanso. Ndinkakhala pakhonde n'kumalemba mbalame zomwe sindinazione, kuti banja liziti zonse zili bwino.

Amene anandigwira ndi mayi akunyumba, amayi a Chisomo, akhala apowa. Anatenga kabuku, anatsegula, anati, "Bambo a Chisomo, mwalemba chiyani apa?"

Ndinati, "Mbalame."

Anati, "Mayina atatu pamzere umodzi, lina pamwamba pa linzake? Tandiuzani, ndakweza zala zingati?"

Ndinati, "Zitatu."

Anati, "Manja anga ali kumbuyo."

Ndinalira, abale. Ndinalira ngati mwana. Mkazi wanga sindinkamuona nkhope, ndinkangomudziwira mawu. Kutchalitchi kuno ndinasiya kubwera. Mumtima ndinkakangana ndi Mulungu. Ndinkati, mukanatenga mwendo, mukanatenga mano, koma maso? Kuchipatala ndinakana. Ndinali nditamva zoti amakolowola diso n'kuliika pambale, ndipo ndinkaopa kwambiri.

Amayi amvano munabwera kudzapemphera, sindinaiwale. Ndipo Mulungu anayankha kudzera kuseri kwa mpanda wanga. Woyandikana naye nyumba ndi Che Amidu, msodzi, Msilamu wa mapemphero ake asanu. Anabwera n'kukhala pamkeka, akununkha usipa.

Anati, "Achimwene, diso langali mukuliona?"

Ndinati, "Sindikuliona."

Anati, "Eya, vuto lanu ndi limenelo! Asanalikonze kuchipatala, linali ngati lanu lomwelo. Imeneyo ndi ng'ala. Wallahi, sachotsa diso, amangochotsa chophimbacho. Lolemba tikwera minibasi."

Ine ndinati, "Che Amidu, khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba."

Iwo anati, "Inde, koma anafa akuona."

Lolemba analeka kupita panyanja, anandigwira dzanja mpaka kuchipatala ku boma, amayi a Chisomo ali pambuyo ndi chikwama. Madokotala anayamba ndi diso lakumanja. Sindinamve kuwawa. Mbale ija sindinaimve kulira n'komwe! Anandimata nsalu, akuti tionana mawa.

Kutacha, anamwino anabwera. Anati, "Bambo, tsegulani pang'onopang'ono." Bedi langa linali pafupi ndi zenera. Ndinatsegula. Kuwala! Ndinatsinzina, ndinatsegulanso. Panja, pampanda wa waya, panali patakhala mbalame. Yakuda bii, nthenga zikunyezimira padzuwa, pakhosi poyera mbee ngati kolala ya abusa. Pepani abusa, koma ndi mmene ndinaonera. Inapendeketsa mutu n'kundiyang'ana.

Ndinakuwa, "Khwangwala! Khwangwala!"

Anamwino anadzidzimuka, ankayesa ndikuwatukwana. Odwala anzanga anaseka wodi yonse. Amayi a Chisomo anati, "Bambo inu, miyezi yonseyi ndakusamalani, woyamba kumuona akhale khwangwala?" Ndinatembenuka, ndinawaona. Imvi zinali zitachuluka pamutu pawo, imvi zomwe ndinawabweretsera ine. Koma kukongola kwake, abale! Tinagwirana manja, tonse misozi ili mbwee. Che Amidu ali chiimire pakhomo, akungothokoza Mulungu kuti, "Alhamdulillah, Alhamdulillah."

Aleluya! Ndati aleluya!

Nditafika kunyumba ndinatenga kabuku aka. Masamba abodza aja sindinawang'ambe, ndinangowadula mzere kuti ndizikumbukira. Ndinapepesa kwa mayi akunyumba, ndinapepesa kwa Mulungu. Sinali Nyuwere, unali mwezi wa Ogasiti, koma chaka changa chinayamba tsiku limenelo. Ndinatsegula tsamba latsopano.

Lero diso lachiwiri nalonso analikonza. Kuntchito ndinabwerera, ndipo alendo ndimawauza ndekha nkhani ya jumbo, amaseka mpaka kugwira m'mimba. Tsamba la chaka chino likudzaza bwino. Sabata yatha ndinapita kumaliro ku Katuli, pobwerera ndinaona nang'omba ziwiri zikuyenda m'munda ngati akuluakulu opita kumlandu. Ndinalemba. Pa Nyuwere sindizolikanso. Ndimatuluka mutu uli m'mwamba, chipewa chili m'manja. Imene Mulungu wanditumizira poyamba, ndi yomweyo. Chaka chino inali mpheta, ikujompha madeya pakhomo.

M'bale wanga, mlongo wanga, ngati pali chimene ukubisa m'thupi mwako, usadikire jumbo. Uza akwanu, pemphera, kenako kwera minibasi.

Ndikuthokoza amayi a Chisomo. Ndikuthokoza amayi amvano, madokotala, ndi Che Amidu, amene lero ali panyanja koma uthenga uwapeza. Koposa onse ndikuthokoza Mulungu wondipatsa maso kawiri.

Ndisanakhale pansi, ndikuwerengereni mzere woyamba wa tsamba lija. Magalasi sindivala, taonani. Palembedwa kuti: "Khwangwala. Ndamuona ndekha, ndi maso anga."

Ameni.