Masekondi Khumi a Mlongoti

Timu yathu ya basiketibolo itakwanitsa zaka makumi asanu, akuluakulu anaitana mmisiri wa penti kuti ajambule mbiri yake yonse pakhoma la m'holo. Kutatsala tsiku limodzi kuti khomalo lionetsedwe kwa anthu, anatulukira a Mlongoti, mkulu wochapa majezi, munthu woti pa kukakamira ngakhale nkhupakupa imawagwadira.

"Amisiri, ine ndili pati?"

"Apo," mmisiri analoza ndi burashi, osatsika pamakwerero.

A Mlongoti anavala magalasi, mphuno n'kugunda khoma. "Apa pali chitosi cha ntchentche."

"Ndinu amenewo, bambo."

"Ha! Ine?"

"Khomali ndi mapazi makumi asanu, zaka nazo makumi asanu. Phazi limodzi, chaka chimodzi. Buku la timu likuti inu munasewera masekondi khumi. Ndakukomerani mtima, ndakunenepetsaniko."

"Asa! Ine ndinalipo chaka chimene tinatenga chikho!"

"Chaka cha chikho ndi icho."

"Nanga bwanji mwajambula basi yotsegula boneti?"

"Ndi ya timu imene munayenera kusewera nayo. Inafera panjira, anyamata ake sanafike, chikho chinabwera kuno. Ndafunsa aliyense kuti anagwira ntchito yaikulu ndani tsiku limenelo, onse akuti basiyo."

A Mlongoti anayenda m'mbali mwa khoma, manja kumbuyo, akupuma ngati akwera phiri. Anaima.

"Uyu waima pampando atakulunga mikono kutsogolo ndi ndani?"

"Mlamu wake wa kochi woyamba. Dengu loponyamo mpira litathyoka, iyeyo anaima pamenepo zaka ziwiri, kukhala dengu."

"Mlamu wa kochi mapazi awiri, ine chitosi!"

"Iye anagwira ntchito zaka ziwiri, bambo. Mano atatu anatsala m'holo muno."

Mkuluyo anavula chipewa, nayang'ana kukhomo ngati wina akumvetsera. Kunena zoona, apa ankamvetsa chisoni.

"Tamverani, amisiri. Mawa akubwera mayi a kunyumba, atavala zatsopano, ndi azing'ono awo onse. Zaka zonsezi amadziwa kuti anakwatiwa ndi katswiri. Madzulo alionse ndimawafotokozera. Ndiwaonetse chiyani? Ichi?"

"Abwere ndi magalasi."

"Mundijambule wamkulu ngati chitseko icho! Ndili m'mwamba, mpira m'manja, otchinga atagwa chagada!"

Mmisiri anatsika, nayeza chitseko ndi tepi. "Mapazi atatu. Munakhala m'mwamba zaka zitatu?"

"Iyayi!"

"Nanga zingati?"

"Ndinauluka mumtima!"

"Ya mumtima penti yake ndilibe."

"Inu, mutu wanu ndi wa simenti eti? Mbiri sayeza ndi tepi!"

"Nanga amayeza ndi chiyani?"

A Mlongoti anamenya chipewa pantchafu, fumbi n'kuti bwii. "Ine ndakhala m'timu muno zaka makumi anayi! Makochi asanu ndi awiri ndawaperekeza pageti. Dzina la timu lasintha katatu ine ndili pompano. Denga linasasuka, ine ndilipo!"

Mmisiri anaika burashi pansi pang'onopang'ono. "Makumi anayi? Bambo, ndiye ndakulakwirani kwambiri. Buku silinanene zimenezo." Anasolola pensulo kukhutu. "Zaka zimenezo munkatani?"

"Khumi ndi zinayi zoyamba ndinali wokonzeka kulowa nthawi iliyonse."

"Mutakhala pati?"

"Pabenchi."

"Pabenchi, mapazi khumi ndi anayi. Zotsalazo?"

"Kusamala majezi."

"Kuchapa?"

"Kusamala!"

"Ndi madzi ndi sopo?"

"Eee."

"Kuchapa, mapazi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi." Nkhope ya mmisiri inawala. Anayamba kuvundula penti yoyera. "Ndifufuta zonsezi. Kuchokera pawindo mpaka apa mukhala pabenchi. Kuchokera apa mpaka kuchimbudzi mwawerama pabeseni. Osewera enawo ndiwapanikiza pansi pa benchi, basi ija ndiyiika m'thovu."

"Mayo ine! Siyani!"

"Mukhala wamkulu kuposa chitseko, bambo. Matako okha mapazi asanu."

A Mlongoti anakumbatira chitini cha penti, malaya onse mbuu. "Mukufuna banja langa lithe? Mayi aja akaona beseni limenelo, ine ndikalowera khomo liti? Iwo amati ndimabwera kuno kudzalangiza achinyamata!"

"Mayi ake ati? Aafupi, oseka ndi mapewa?"

"Mwawadziwira kuti?"

"Anabwera dzana kudzaona ngati ndakuikanipo. Anakupezani okha, opanda magalasi."

Mkuluyo anakhala pansi, chitini chili pamiyendo. "Ndiye... anati chiyani?"

"Anati ndakuwonjezerani. Iwo analipo tsiku limene munasewera lija, mzere wachiwiri. Akuti masekondi osewera anali anayi, enawo munkamanga chingwe cha nsapato."

"Anaona?"

"Zonse. Akuti atangokuonani mutawerama pakati pa bwalo, mpira n'kukudutsani pamutu, anauza mng'ono wawo kuti, 'Ndikwatiwa ndi ameneyu. Uyu palibe adzandilande.'"