Chipanda cha a Gerevazio Zilole

Malemu anabadwa pa mudzi wa amayi awo kwa Kaphuka, chaka chimene anthu anathawira kumapiri a Chongoni poopa nkhondo. Tsiku lake palibe analisunga. Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Ndinakulira ku Kabula, ndafika dzana. Abale andiimika pano kuti ndinene zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Anakwatira mayi Elena msonkho usanafike kuno. M'chaka cha 1908 analowa sukulu ya mpingo ali kale bambo wandevu, nakhala pamphasa imodzi ndi tiana. Mu 1911 anabatizidwa, natenga dzina la Gerevazio. Ankalima chimanga ndi kachewere. Anthu ankawakhulupirira. Pakabuka mkangano wa malire a munda, oitanidwa anali iwo, kwa Akhristu ndi kwa a Nyau komwe.

Mu 1916 boma linafuna amuna a mtengatenga kunkhondo ya Jeremani. Wofuna kupita panalibe. Mudzi unagwirizana zochita maere. M'chipanda anaponyamo njere za chimanga, mwamuna mmodzi njere imodzi. Wotola yoyera atsale. Wotola yofiira asenze katundu. Chipanda anachiika m'manja mwa malemu.

Mwana wawo Rafaelo anatola yoyera. A Dziwani, anansi awo, anatola yofiira. Omaliza kupisa dzanja anali malemu eni ake, ndipo inatuluka yoyera.

Pamenepo mayi Tisunge, akazi a a Dziwani, anaimirira. Anati Rafaelo anabwera atafumbata njere yakeyake, ndipo yofiira imodzi yatsala m'chipandamo. Sanapemphe zambiri. Anangoti chipanda chikhuthulidwe pamphasa, aliyense adzionere. Malemu anapsa mtima. Anati iwo si mbava yoti nkufufuzidwa pabwalo. Anatseka chipanda ndi chitsononkho, nakachipachika kutsindwi la nyumba yawo.

A Dziwani anapita kunkhondo, sanabwerere. Maere achiwiri atachitika, palibe anawavomera. Amuna anagona kuphiri mpaka asilikali anagwira amene anamupeza. Za malire anthu anasiya kuwaitana malemu. Akamadutsa, anyamata ankawafunsa ngati chimanga chakutsindwi chija chayamba kumera. Iwo ankangoweramitsa mutu. Rafaelo zinamukwana, anapita ku Halale.

Mu Januwale uno wa 1919 fuluwenza inawagwira malemu. Atafooka anauza mayi Elena kuti chipanda chija chitsike. Sananene china.

Dzulo tinaitana mayi Tisunge, adzukulu ndi akuluakulu. Chitsononkho anachotsa ndi mayiwo. Pamphasa panagwa fumbi ndi anankafumbwe akufa. Kaya ndi fumbi la njere, kaya ndi la chipanda chofumbwa, sitikudziwa. Ngati malume analibe mlandu, umboni wawo anaudyetsa okha kwa tizilombo. Ngati anali nawo, apita nawo. Mayi Tisunge anasasa manja, nati akanakhuthula tsiku lomwe lija bwenzi akulira maliro ano ndi mtima umodzi. Ife abale tinasowa poyang'ana.

Malemu asiya mayi Elena, ana atatu ndi zidzukulu zisanu. Rafaelo uthenga sunamupeze. Tikuthokoza adzukulu amene akumba manda ngakhale matenda ali ponseponse, a mpingo amene anawapempherera, ndi inu nonse. Tikuthokozanso mayi Tisunge. Madzi amene mwasamba m'manja pano atunga ndi iwo.

Zimene ife sitinaone, Mulungu anaziona. Mzimu wa a Gerevazio Zilole uuse mumtendere.