Malemu a Zelipa Chikaonda, Katswiri wa pa Ayezi, ndi Uthenga Umene Tinawabisira

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi anansi nonse, amene agona patsogolo pathuwa ndi malemu a Zelipa Chikaonda. Anabadwa pa 14 Meyi 1991 ku Scarborough konkuno, m'dziko lino lachisanu kutali ndi kwathu, mwana yekhayo wa bambo Victor Chikaonda a ku Ntcheu ndi mayi Lilian Chikaonda a ku Dedza. Atisiya ali ndi zaka 34. Mbiriyi yalembedwa ndi banja, ndipo malume a malemu, a Jailosi Kamtedza, apempha kuti iwerengedwe yonse, osadumpha ndime. Tikudziwa kuti bongololo sadzolera mafuta pagulu, koma lero mutikhululukire.

Malemu anaphunzira pulayimale ndi sekondale ku Scarborough, kenako yunivesite ku North York, kumene anatenga digiri ya zolimbitsa thupi. Chichewa ankamva chonse, koma poyankha ankathawira ku Chingerezi, ndipo tinkawaseka nazo.

Ali ndi zaka zisanu, bambo awo anawatengera ku bwalo la ayezi la pafupi ndi nyumba, kungoti mwana asamangokhala m'nyumba nyengo yachisanu. Kwa amene simunawaonepo masewerawa, munthu amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi, n'kumavina pa ayezi nyimbo ikulira, kudumpha ndi kuzungulira m'malere, oweruza akupereka mapointi. Ana ena ankagwa n'kulira. A Zelipa ankagwa n'kudzuka atakwiya. Bambo awo sanapondepo pa ayezi ngakhale kamodzi, ankati munthu wa ku Ntcheu amayenda pa dothi, koma panalibe mpikisano umene anaphonya. Ankakhala mzere wakutsogolo, chipewa m'manja, ndipo malemu asanayambe kuvina ankayamba ayang'ana pamene akhala bambo awo.

Mendulo yoyamba anaipata ali ndi zaka 13. Ali ndi zaka 16 anathyoka mwendo potera, nakhala chaka chathunthu osavala nsapato zija. Ambiri tinati basi zathera pomwepa, koma iwo anabwerera. Kawiri konse anakhala achiwiri pa mpikisano waukulu wa akatswiri, ndipo Amalawi tinkadzaza mbali imodzi ya holo, amayi athu akuluta nthungululu mpaka oyang'anira kubwera kudzatipempha kuti titsitseko.

Tsopano tafika pa ndime yovuta. Mu Januwale 2013, malemu ali ndi zaka 21, anapitanso ku mpikisano waukulu uja. Tsiku lomaliza linali Loweruka. Bambo awo anali kumudzi ku Ntcheu kukaona abale, ndipo amayenera kunyamuka Lachitatu kuti adzakhale pa mpando wawo. Chakudza sichiimba ng'oma: Lachiwiri anagwa pakhonde, mtima unaima. Abale a ku Ntcheu analola kudikira mpaka Loweruka kuti mkazi ndi mwana afike.

Mayi Lilian anafuna kuwauza a Zelipa tsiku lomwelo kuti akwere ndege limodzi. Mchimwene wawo, a Jailosi, mwini mbumba, anakana. Anati mwana wakhetsa thukuta zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kwathu uthenga wa maliro sitiupereka kwa munthu amene ali pakati pa ntchito yoopsa. Anati omwalira amwalira, koma mwana akadumpha ndi misozi m'maso adzathyoka khosi. Mayi Lilian anagwada pansi m'khitchini mwawo kuwachonderera. Sizinatheke. Iwo analeredwa kuti mlongo satsutsa mchimwene wake, choncho anamvera. A Zelipa anauzidwa kuti bambo awo ndege yawasiya ku Lilongwe, ndipo foni yawo ikuvuta. Tonse amene tinkadziwa tinatseka pakamwa, ndipo ena a ife tili pompano.

Loweruka m'mawa, a Victor analowa m'manda popanda mkazi wawo ndi mwana wawo. Masana ake a Zelipa anavina mphindi zinayi, nadumpha kasanu ndi kawiri osaphonya ngakhale kamodzi. Anapata mendulo ya golide. Amayi awo, namfedwa wa masiku anayi, anali atavala diresi yamaluwa, akuomba m'manja kuti mwana asazindikire kanthu. 

Atangotsika polandirira mendulo, malemu anapempha foni kuti awaimbire bambo awo. Anauzidwa za imfayo m'kanjira kopita ku zipinda zovalira. Sanalire nthawi yomweyo. Anafunsa kuti zachitika liti, atamva anafunsa kuti anaganiza zowabisira ndani. A Jailosi anayang'ana pansi. Mayi Lilian anayang'ana mchimwene wawo, nadikira, kenako anadzisenzetsa mlanduwo, nati ndi iwo eni amene anaganiza. Anaona kuti mwana amene wangotaya bambo sangatayenso malume tsiku lomwelo. Ankaganiza kuti mkwiyo wa mwana kwa mayi wake sukhalitsa. Apa analakwitsa.

Malemu anasankhidwa kukapikisana kunja kwa dziko lino, koma sanapite, ndipo sanapikisanenso moyo wawo wonse. Kumanda kwa bambo awo anapita patatha mwezi, okhaokha, atakana kukwera ndege imodzi ndi amayi awo. Kuyambira pamenepo sanawatchulenso kuti amayi. Ankawatchula kuti a Mayi Chikaonda, mwaulemu wake wonse, ngati munthu wokumana naye ku ofesi.

M'chaka cha 2016 anamanga banja ndi a Ryan, ndipo anakhazikika ku Oakville. Amene anawaperekeza kuguwa anali malume awo a Jailosi, chifukwa malemu ankawakonda kwambiri ndipo ankawaona ngati bambo. Amayi awo anakhala pa tebulo la alendo. Mu 2018 Mulungu anawapatsa mwana wamwamuna, Matthew. Chaka chilichonse pa tsiku lobadwa la mdzukulu, mayi Lilian ankakwera basi ndi sitima kuchoka ku Scarborough, kulandiridwa pabalaza, kumwa tiyi, n'kubwerera. Sanagonepo m'nyumba imeneyo.

Ntchito yawo inali yophunzitsa ana masewera omwewa, ndipo anaigwira zaka khumi ndi chimodzi. Anali mphunzitsi waukali, wosanyengerera. Mwana akalakwitsa ankamuuza pomwepo, ndipo ana ankawakonda chifukwa cha chimenecho. Ana amene avala majekete obiriwira kumbuyoko ndi ophunzira awo. Pa za uzimu, anabatizidwa ndi kulowa chikhristu mu mpingo uno wa Chipresibeteriya, ndipo ankaphunzitsa Sande sukulu.

Mu Febuluwale chaka chino anayamba kutopa msanga, ndipo madokotala anapeza khansa ya m'magazi. Anawalamula madokotalawo kuti asawabisire kanthu, ngakhale kakang'ono. Mayi Lilian, amene agwira ntchito yosamalira okalamba zaka makumi atatu, kusambitsa makolo a anthu ena, anapempha kuti adwazike mwana wawo. Analoledwa kubwera Lamulungu lokha, ola limodzi. Ngakhale pamenepo sanaulule. Anangopita kwa mchimwene wawo n'kuwauza kuti nthawi yatha, akalankhule okha.

A Jailosi analonjeza. Mu Juni anafika mpaka pakhomo pa chipatala ku North York, nabwerera. Mu Ogasiti analowa, koma malemu anawalandira ndi chimwemwe, n'kuwagwira dzanja, ndipo iwo anangocheza za nyengo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lachinayi pa 9 Okutobala anapita atatsimikiza mtima, koma anapeza malemu asakuyankhanso. Anagwada pambali pa bedi n'kunena zonse, kuyambira pachiyambi, a Ryan akumva. Anamwino anati nthawi zina makutu ndiwo amatsalira pomaliza. Ife sitikudziwa, ndipo sitidzadziwa. Zikutipweteka kwambiri.

Malemu a Zelipa Chikaonda anatisiya Loweruka pa 11 Okutobala 2025, masana. Amuna awo anali atawagwira dzanja. Amayi awo anaima kumapeto kwa bedi atawagwira mapazi.

Asiya amuna awo, a Ryan. Asiya mwana mmodzi, Matthew, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Asiya azakhali awiri ku Ntcheu, asuweni asanu ndi mmodzi kuno ndi kumudzi, ndi malume awo, a Jailosi Kamtedza, amene akhala apowa ndipo avomera mawu onse amene mwamvawa. Asiyanso amayi awo owabereka, a Lilian Chikaonda, amene asenza mlandu wa eni zaka khumi ndi ziwiri, ndipo lero akuika mwana amene anapita asanawakhululukire.

A Ryan, banja likukupemphani chinthu chimodzi. Matthew sakumva Chichewa, ndipo zonsezi zamudutsa. Mukamufotokozere m'chilankhulo chimene amamva, osadikira kuti akule, kuti mayi avala zakudawa ndi agogo ake, ndipo sanalakwe kanthu.

A Zelipa, mwana wathu, apumule mu mtendere wa Ambuye.