Uvuni umene ndinkapempha Mulungu kuti auchotse

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni, inu a kuno ku Mzuzu ndi inu muli kutali. Ine ndine mayi wa ku Masasa. Lero ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene mphepo ndi matalala zinatsala pang'ono kundilanda mwana.

Tawonga wanga anabadwa masiku asanakwane. Kanali kamwana kakang'ono koti ukakanyamula umachita kusuzumira m'nsalu kuti uone ngati muli munthu. Potitulutsa m'chipatala, anamwino anandiuza kuti mdani wa mwanayu ndi kuzizira, choncho azikhala pachifuwa panga, khungu ndi khungu, usana ndi usiku.

Masiku amenewo nyumba zinkangophuka ngati bowa, chifukwa aliyense ankamanga zoti ana a ku yunivesite azichita lendi. Amuna anga, omwe ndi mmisiri womanga, ankalawirira m'mamawa kupita komweko. Kuseri kwa nyumba yathu, bambo wina wachikulire woumba njerwa, a Mhango, anasanja uvuni waukulu n'kuyamba kuwotcha. Utsi wake, abale! Ndikayanika matewera, ankabwera akununkha ngati nsomba zowamba. Ndikawadandaulira, ankangoti, "Pepani mama, tatsala pachoko." Ndinagwada pansi n'kupemphera kuti Ambuye achotse uvuniwo, mpaka ndinapempha amayi anzanga a kutchalitchi kuti tithandizane. Kumwamba kunali zii, ndipo kunena zoona ndinakwiya.

Tsiku lina masana, mvula yoyamba isanagwe n'komwe, kunja kunada mwadzidzidzi. Kunabwera chimphepo chowinditsa mitengo, pambuyo pake matalala aakulu ngati mazira a nkhunda. Phokoso la pamalata linali loti sungamve mawu ako omwe. Kenako ndinangoona mitambo ndili m'nyumba. Denga linali litapita, pamodzi ndi miyala yomwe tinatsindira malata. Ndinawerama n'kumuphimba mwana, matalala akundimenya kumsana.

Mvula itachepa, bwalo lonse linali mbee ngati athirapo mchere. Zovala, mabulangete, makala, machesi, zonse zinanyowa. Nyumba za anansi nazo zinali zitasasuka, aliyense akulira maliro ake. Kumsewu kunagwa mtengo pamodzi ndi mawaya a magetsi, moti ngakhale njinga siikanadutsa. Ine mano ankangogundana, ndipo chifuwa changa, chomwe chinali moto wa mwanayo, chinali chitazizira ngati mwala wa kumtsinje. Tawonga anasiya kulira. Timilomo tinayamba kuda, timanja tili lende. Ndinakhala pansi m'matopemo n'kufuula, "Ambuye, kodi munandipatsa kuti mundilandenso?"

Ndisanamalize, pakhomo panaima a Mhango atafunda thumba kumutu.

"Mama, zaninge luwiro, bwerani msanga! Tiyeni ku uvuni, mwanayu atifera m'manja."

Uvuniwo anali ataumata pakamwa dzulo lake, moto ukunyekabe mkati. Mvula yonse ija inangounyambita kunja, khoma lake likufuka nthunzi. Mbali yosafika mphepo kunali kachisakasa komwe iwo ankagonamo polondera moto, ndipo mkati mwake munali mouma. Anandikhazika pansi, msana nditatsamira khoma lofundalo. Ataona kuti manja anga akulephera kugwira mwana, anamasula mabatani a malaya awo, n'kumuika Tawonga pachifuwa pawo penipeni, n'kumufunditsa bulangete lawo lonunkha utsi. Utsi womwe uja ndinkautemberera.

Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Ine ndinkangoti Yesu, Yesu, maso ali pabulangete. Kenako ndinamva kakuyetsemula, pambuyo pake kulira, koyamba kofooka, kenako kwaukali ngati wina wamutsina. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero m'tchalitchi chilichonse.

A Mhango anaseka misozi ili m'maso. "Wakulira! Mwana wali makora, mama. Tengani, akufuna bere."

Thupi langa linali litafunda, ndipo mwana anayamwa ndi mphamvu. Amuna anga anatipeza pomwepo atathamanga kuchokera kuntchito, matope mpaka m'mawondo. Anagwada n'kugwira manja akuda makala a mkuluyo, n'kuwathokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, dada." Msewu utatseguka tinapita kuchipatala, ndipo anamwino atamuyeza anati mwana ali bwino.

Lero Tawonga ali pasukulu, ndipo ndi wolongolola kuposa ine. A Mhango akakumana naye amamutcha njerwa yawo yopsa bwino, iye n'kumanyada nazo.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa mwanayu, koma ndikumuthokozanso chifukwa cha pemphero limene anandikaniza. Inu amene mwagwada mpaka mawondo kuchita zikang'a koma yankho silikubwera, musataye mtima, pitirizani kupemphera. Iye amaona mitambo imene ife sitinaione. Akanandimvera n'kuchotsa uvuni uja, bwenzi lero ndikukuuzani za manda a mwana wanga. Alemekezeke Yehova. Ameni.