Malo Amodzi Atsala

Abusa athu, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Yesu. Maikolofoniyo ikani uko, ine Mulungu anandipatsa yangayanga ya m'khosi. Akumbuyo mukundimva? Ndinadziwa.

Ndikufuna kuchitira umboni. Ndikufuna kuchitira umboni pa za ine ndi mwana wanga Dalitso.

Mumandidziwa kuti ndine bambo Mbewe a ku Thamesmead kuno ku London, a suti yabuluu. Chimene ndinakubisirani ndi ichi: kumudzi ndinali woitanira minibasi pa depoti ya ku Limbe. Sukulu ndinalekeza sitandade thuu, dzina langa ndimalemba ngati nkhuku yapalasa. Koma kukuwa, palibe ankandiposa. Ndikati "Zomba, Zomba, Zomba, malo amodzi atsala!" ngakhale wopita ku Mulanje ankangozindikira wakwera ya Zomba. Ndipo linali bodza, abusa mundikhululukire. Theka la okhala m'minibasimo anali anzanga, ongodzazira mipando, ikadzadza n'kutsika.

Amayi akwathu atapeza ntchito ya unamwino kuno n'kutiitanitsa, ndinalumbira kuti mwana wanga sadzadya za kukhosi. Adzadya za cholembera.

Dalitso atakula anayamba kulemba nyimbo za hipihopu, zija amalankhula mothamanga ngati agalu akuwapirikitsa. Iye ankangolemba, oimba anali ena. Ine ndinati zili bwino, cholembera ndi cholembera. Ndinkaimba foni kumudzi: "Mwana wanga ndi mlembi ku London." Iwo ankayesa wa boma. Ine osawakonza.

Tsiku lina anabwera kunyumba ndi Chichewa chake chopindika chija. "Adadi, ndatopa kulembera anthu. Nyimbo zanga zikumveka paliponse, dzina langa palibe. Ndiziimba ndekha, ndikhale rapa." Anandionetsa pa foni. Ali pa siteji, kapu yotembenuza, dzanja m'mwamba, akukuwira gulu la anthu. Abale, ine sindinaone Dalitso. Ndinaona depoti ya ku Limbe. Ndinadziona ndekha.

Ndinati, "Ndinakuwolotsa nyanja kuti udzakhale woitanira? Tuluka. Ukadzabwerera ku cholembera udzagogode."

Zaka ziwiri, abale. Zaka ziwiri mtendere unandithawa. Ndikhale pampando, ndadzuka. Ndiyatse wailesi, ndazimitsa. Amayi ankati, "Bambo, mutha kapeti." Akaimba foni mwanayo, sindinkayankha. Akalemba uthenga ndinkangoyang'ana zilembozo, kuwerenga sinditha, kupempha amayi andiwerengere ndi manyazi. Ndiye ndinkakwera basi. Thamesmead mpaka Woolwich, Woolwich mpaka Thamesmead, popanda chokagula. Mabasi akuno opanda woitanira, kamayi ka m'makina kokha kotchula masiteji ngati kadwala malungo. Muno m'tchalitchi "Ameni" wanga ankagwedeza mawindo, mukudziwa. Koma pa pemphero la Ambuye tikafika pa mawu okhululukira anzathu paja, ine ndinkatsokomola.

Lachiwiri lina masana anakwera mayi Tembo, awo akubisa nkhopewo, mlongo wathu wa ku Lusaka. Anakhala pafupi nane. "Ba Mbewe, uja mwana wanu ni wamkali maningi pa kuimba. Mvelani iyi." Ndisanakane andiika kale kachingwe ka foni m'khutu.

Chingerezi chothamanga, sindinatolepo kanthu. Kenako ng'oma zinaima, ndipo ndinamva: "Limbe, Limbe, Limbe, malo amodzi atsala!"

Kakuwidwe kake kangakanga, mpaka kukoka pa "tsa" paja. Ndinakumbuka. Ali wamng'ono, tangofika kumene kuno, ndinkamubereka pamsana m'fulati muja, ine minibasi, iye pasinjala, ndikuitanira mpaka oyandikana nafe kumenya khoma. Ndinkayesa anaiwala.

Ndinafunsa, "Chingerezicho akuti chiyani?"

Mayi Tembo anati, "Akamba kuti kulikonse kwamene aimba, amasiya mpando umodzi kutsogolo. Palibe amankhalapo. Ni wa batate bake."

Abale, mundimve bwino. Ine ndinakuwa "malo amodzi atsala" zaka zonse zija monama. Mwana wanga anakuwa zaka ziwiri, ndipo zinali zoona. Siteji yanga ndinaipitirira. Munthu wamkulu, suti yabuluu, kulira m'basi.

Loweruka lake ankaimba ku Croydon. Ndinati amayi, valani. Titalowa m'holomo, mpando unalipodi, ataikapo pepala lolembedwa. Ulendo uno manyazi ndinawasiya pakhomo: "Amayi, ndiwerengereni." Anawerenga: "Woitanira wamkulu wa ku Limbe."

Ndinakhala. Kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri ndinakhala osafuna kudzuka. Dalitso atafika pa mawu aja anandiona, n'kusiya kuimba. Ng'oma zikudikira. Ndiye ndinatani? Ntchito ndi yanga. Ndinaimirira, popanda maikolofoni: "Yadzadza! Dalaivala, tiyeni!"

Lero amalemba yekha, amaimba yekha. Cholembera ndi khosi, zonse Mulungu anamupatsa, ine ndinkafuna kumulanda chimodzi. Ndikuthokoza Mulungu amene anandisungira malo pamene ine ndinatseka chitseko. Pemphero lija tsopano ndimamaliza osatsokomola.

Dalitso, imirira akuone. Kapuyo vula, muno ndi m'tchalitchi. Uyu ndi mwana wanga, rapa, mwana wa woitanira. Amayi, nthungululu zili kuti? Kondwerani nane, abale, minibasi ya kwa Mbewe yadzadza. Ameni.