Mpeni wa Ada Zacharia

Olemekezeka oimira mfumu yathu yaikulu, Agogo Chalo. Olemekezeka a Khansala a wodi yathu. Olemekezeka oimira ofesi ya za usodzi kuno ku Chintheche. Abusa amene mwatitsegulira ndi pemphero. Aphunzitsi Aakulu a sukulu yathu ya sekondale, Bambo Peterson Manda. Wapampando wa komiti ya padoko pamodzi ndi asodzi nonse. Mphunzitsi wathu wa zobira m'madzi, Mayi Jackie Mhone. Inu ogwira ntchito m'malo ogona alendo kuyambira ku Kande mpaka ku Makuzi. Inu asanu ndi mmodzi amene mukulandira masatifiketi lero. Makolo, amayi ndi abambo: ndakupatsani moni nonse, ndipo yewu chifukwa chosiya ntchito zanu n'kubwera.

Dzina langa ndine Luso Kamanga, ndili Fomu 3. Ndikudziwa kuti ena mwadabwa kuona wovala yunifomu atakhala pampando wa mlendo wolemekezeka. Inenso ndinadabwa. A Jackie atafika kusukulu kudzandipempha, Aphunzitsi Aakulu anayamba ndi kufunsa kuti, "Walakwa chiyani mwanayu?" Atamva kuti andisankha ndi ophunzira a chaka chino, popeza ndinatsiriza maphunzirowa chaka chatha ndipo ndakhala ndikubira nawo Loweruka lililonse, anavomera, koma anati mawu anga ndiwalembe papepala, chifukwa m'kalasi sanandimvepo ndikulankhula ziganizo zitatu zotsatizana. Pepalalo ndi ili.

Kwa inu amene simunalowepo pansi pa madzi mutabereka thanki ya mpweya, ndifotokoze pang'ono. Satifiketi yoyamba imakulola kutsika mamita 18. Yachiwiri, imene aphunzitsi amaitcha Advanced, imakulola kufika mamita 30. Anthu amandifunsa kuti yachiwiriyo ndi yachiyani, poti madzi ndi omwewo. Madzi si omwewo. Ukapitirira mamita makumi awiri kuwala kumachepa, chofiira chimaoneka chakuda, mpweya wa m'thanki umatha msanga, ndipo mutu umayamba kuchedwa mwiniwake osadziwa. A Edith ali apawa, mmodzi mwa olandira masatifiketi lero, ochokera ku Dedza, amene amasunga m'mutu zakudya zimene alendo khumi aitanitsa popanda kulemba, anapatsidwa kabolodi pa mamita 28 kuti aphatikize manambala awiri. Anatenga pafupifupi mphindi yathunthu, uku akuseka okha. Musawaseke kwambiri, ine ndinatenga nthawi yoposa pamenepo. Ndi bwino munthu adziwe kuti mutu wake umatero aphunzitsi ali pambali pake, kusiyana ndi kudzazindikira tsiku limene palibe womugwira mkono.

Kuti ulandire satifiketiyi uyenera kubira kasanu, ndipo pa kasanuko pali kawiri kamene sungakazembe: kutsika pakuya, ndi kupeza njira pansi pa madzi pogwiritsa ntchito kampasi. Nkhani imene ndikufuna kukuuzani ndi ya kampasiyo. Mwiniwake wa nkhaniyi wandiloleza, anangoti ndisawonjezere.

Ada Zacharia Longwe nonse mukuwadziwa. Anali msodzi zaka makumi awiri, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi tsopano akhala akuyendetsa boti la sukulu ino ya zobira m'madzi. Pamwamba pa madzi palibe wowaposa. Amayang'ana mtengo wa mango wa patchalitchi, n'kuulinganiza ndi msonga ya phiri la kumbuyo kwake, n'kuzimitsa injini, n'kunena kuti, "Ponyani nangula, mwala uli pansi apa." Ndipo mwalawo umakhala uli pomwepo. Zaka zonsezo ankanyamula alendo n'kuwadikirira m'boti, mpaka chaka chatha pamene anati nawonso akufuna kuona zimene anthuwa amakaona. Satifiketi yoyamba anaitenga mosavuta. Pa yachiwiriyi, popeza pansi pa madzi munthu sayenda yekha, a Jackie anati mnzawo woyenda naye ndikhale ine.

Mayeso a kampasi amayenda chonchi. Mumayambira pachingwe cha nangula, pansi. Mmodzi amayang'ana kampasi, wina amawerenga kupalasa kwa miyendo. Mukapalasa kamakumi awiri mumakhota, n'kuteronso, mpaka mbali zinayi zitakwana ngati mukuzungulira bwalo la mpira, ndipo muyenera kubwerera pachingwe chomwe chija. Kumtunda, pamchenga, a Jackie ankawafunditsa Ada Zacharia thaulo kumutu kuti aziona kampasi yokha, ndipo ankabwerera ndendende pamene ayambira. Koma m'madzi, ulendo woyamba, tinakathera kutali ndi chingwe. A Jackie anasintha kampasi. Ulendo wachiwiri tinakatulukira pambali pa bwato la a Zondiwe, amene ankawedza cha kumpoto uko.

A Zondiwe, ndakuonani mwabisala kumbuyoko. Anatiyang'ana n'kunena kuti, "Ada Longwe, mukufuna njira ya kwanu? Kwerani ndikakutuleni, musaope, ine nyanjayi ndimaidziwa!" Tsiku lomwelo nkhani inali itafika padoko lonse, ndipo ana aang'ono ankati akawaona Ada Zacharia akudutsa, amawalozera kumene kuli nyumba yawo.

Tikutsuka zovala zobirira, ndinawamva akuuza a Jackie kuti, "Kachitatu ndikalephera, zovala zanu ndibweza, ndipo botilo mupeze wina woyendetsa. Sindingamanyamule anthu kupita nawo panyanja pamene dziko lonse likuti ndinasochera pakhomo panga." A Jackie anayesa kuwanyengerera, koma amene mumawadziwa mukudziwa kuti akanena anena.

Apa ndiyenera kuulula mbali yanga. Ine ndinkadziwa chinthu chimene a Jackie sankachidziwa. M'mawa uliwonse tisanakwere boti, Ada Zacharia ankapita kuseri kwa mabwato, n'kumanga kampeni pamkono wamanzere ndi mphira wa chubu, n'kukokera dzanja la chovala pamwamba kuti kasaoneke. Asodzi muli pano mukudziwa chifukwa chake. Munthu wobira kukamasula ukonde umene wakodwa pamiyala salowa m'madzi wopanda mpeni pamkono, chifukwa ukonde ukamukola, dzanja liyenera kupeza mpeniwo osaufunafuna. Iwo ankaubisa poganiza kuti malamulo a sukulu ino saulola. Ndipo kampasi ankaivala pamkono womwewo. Pamchenga paja ankayeserera alibe mpeni.

Ku Fomu 2 tinaphunzira kuti chitsulo chimakoka muvi wa kampasi. Ndinakumbukira zimenezo tsiku lomwe tinasochera koyamba, koma ndinakhala chete milungu iwiri. Ndinkadzifunsa kuti mwana wa sukulu angayambe bwanji kuuza munthu wamsinkhu wa bambo ake kuti waona chimene akubisa, ndiponso kuti chimene chakhala chikuteteza moyo wake zaka makumi awiri ndicho chikumusocheretsa.

M'mawa wa ulendo wachitatu ndinawatsatira kuseri kuja.

"Ada, ndingaone mpeni wanu?"

"Mpeni uti?"

"Umene uli pamkonopo."

Anagwira pamkono paja. "Iwe, maso akowo sapuma? Wawauza a Jackie?"

"Ayi, Ada."

Anaumasula n'kundipatsa. Ndinaika kampasi pathabwa la bwato, n'kuyandikiza mpeniwo. Muvi unatembenuka n'kuutsatira. Ndinauchotsa, muvi unabwerera. Anandilanda mpeniwo n'kuyesa okha, kamodzi, kawiri, katatu, akusuntha uku ndi uku ngati akusewera ndi mwana wa mphaka.

"Ndiye kachitsulo aka ndi kamene kandivula padoko lonse?" Anaufumbata mpeniwo. "Koma ine m'madzi sindilowa wopanda mpeni. Ukonde sufunsa ngati uli ndi satifiketi."

Anapita okha kwa a Jackie, mpeni uli m'manja, ngati mwana amene wagwidwa ndi mango a eni. A Jackie anangokweza mwendo wawo pamphepete mwa boti n'kuwaonetsa wawo, uli m'chimake pansi pa bondo. "Ada, anakuuzani ndani kuti mpeni ndi woletsedwa? Mangani kumwendo, kutali ndi kampasi."

"Kumwendo n'kutali, Madamu."

"Ndiye tiyeserera mpaka kukhale pafupi."

Anthu onse anadikira m'boti pamene Ada Zacharia ankatsinzina, n'kutambasula dzanja, n'kusolola mpeni, n'kuubwezera. Atachita zimenezi kakhumi anati, "Tiyeni."

Tsiku limenelo madzi sanali oyera, chifukwa mwera unali utawomba masiku atatu. Pansi tinkaona mamita atatu okha kutsogolo. Iwo anagwira kampasi, ine ndinkawerenga, a Jackie akutitsatira pambuyo. Mbali yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pa mbali yomaliza ndinawerenga mpaka makumi awiri, ndipo chingwe panalibe. Ndinawagwira phewa kuwadziwitsa kuti nambala yakwana. Ndinkaopa kuti athamangira kumwamba kukayang'ana mtengo wa mango uja, pakuti ndi zimene thupi la msodzi limafuna kuchita. Sanatero. Anaima, anapuma pang'onopang'ono monga tinaphunzirira, anayang'ananso kampasi, n'kupalasa kawiri kutsogolo. Chingwe chinatulukira m'madzi amatopewo pamaso pawo penipeni, ndipo anachigwira ndi manja onse awiri.

Tinakwera pang'onopang'ono, tinaima mphindi zitatu pa mamita asanu monga lamulo linenera, ndipo titatulutsa mitu ndinkayembekezera kuti andithokoza. Anachotsa chopumira pakamwa n'kunena kuti, "Iwe Luso, milungu iwiri yonseyi unali chete? Ukadzaonanso chinthu, uzinena tsiku lomwelo!"

Olemekezeka, amayi ndi abambo, phindu la satifiketi imeneyi ndikuliona pamenepo. Sichotsa zimene munthu anaphunzira kwa makolo ake; mpeni uja ulipobe, wangosamuka. Imawonjezera zimene nyanja ya pamwamba singakuphunzitse: kupeza njira pamene phiri silikuoneka, kusunga mpweya wobwererera, kudziwa pamene mutu wako wayamba kukunamiza, ndi kuima m'malo mothamanga. Kwa ife ochepa mawu, imatiphunzitsanso kuti mnzako pansi pa madzi amadalira zimene waona, choncho kuziona n'kuzisunga mumtima si ulemu ayi.

Ndisakunamizeni: pepala limeneli silipanga munthu kukhala wotsogolera alendo. Kutsogoloku kuli maphunziro opulumutsa anzako pangozi, kenaka otsogolera gulu, ndipo khomo lolowera kumeneko ndi lomweli. Kwa zaka zambiri anthu akhala akuchokera kutali kudzaona nsomba za mbuna m'miyala yathu, ife eni ake tikuwanyamulira mathanki mpaka m'boti. Lero anthu asanu ndi mmodzi, ena obadwira pagombe pano, ena obwera kudzagwira ntchito n'kukhala athu, angathe kutsika nawo mpaka mamita makumi atatu n'kubwerako bwino. Ndikuthokoza a Jackie chifukwa cha kuleza mtima kwawo, ndikuthokoza eni malo ogona alendo amene munamasula antchito anu masiku a maphunziro, ndikuthokoza makolo amene munalola ana anu ngakhale mitima inali m'mwamba, ndipo ndikuthokoza amayi anga, amene mpaka lero amaima pagombe kufikira ataona mutu wanga watuluka.

A Jackie anandiuza kuti masatifiketi ndipereke motsatira zilembo zoyamba za maina, kuyambira a Edith. A Edith andikhululukire, chifukwa dzulo iwo eni anandiuza kuti ndiyambe ndi wamkulu. Boti la sukulu ino silinasowe woyendetsa, ndipo Lolemba likudzali, pamene gulu latsopano la anthu asanu ndi atatu liyambe maphunziro, wodzawatengera pamwala uja ndi munthu amene tsopano akuudziwa pamwamba ndi pansi pomwe. Ada Zacharia Longwe, yambani kuyandikira kutsogolo kuno, musafulumire, tikudikirani.

Ndi mawu amenewa, komanso ndi chilolezo cha akuluakulu onse amene mwakhala patsogolo pano, ndikulengeza kuti mwambo wopereka masatifiketi, pamodzi ndi maphunziro a gulu latsopano, zatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.